Bawo ya Mimba ya Bwato

Ku Bangula, ukatsika kumsika kulowera kudambo n'kufunsa za a Paison Tomasi, ngakhale mbuzi ikulozera ndi chibwano. Ndi aja osema mabwato, aja aafupi, a mapewa otambalala ngati chitseko cha tchalitchi. Akhala akusema zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anaphunzira kwa atsibweni awo ndevu zisanamere, ndipo atsibweniwo sukulu yawo yonse inali ya mawu awiri okha: "Bwereza" ndi "Choka apo."

Mabwato awo anthu amawanenera zambiri. Akuti lina linatengedwa ndi madzi osefukira mpaka ku Mozambiki, n'kubwerako lokha patatha mwezi, litanyamula mbuzi ziwiri ndi wailesi ikulira. Akutinso mvuu za m'dambo zikafuna kukanda msana zimadikirira bwato la a Paison, poti la munthu wina limazisiyira zilonda. Eni ake nkhani zimenezi sazikana, sazivomeranso. Iwo mawu awo anali amodzi: "Pakhomo panga sipanatulukepo chokhota." Ankawanena pa ukwati, ankawanena pa maliro, anawanenanso kuchipatala tsiku lina namwino atangowafunsa dzina. Chuma chawo chinali chimenecho. Dimba ndi la akazi awo, nyumba madzi anaigwetsapo kawiri, koma mawu amenewo panalibe amene anawagwetsapo.

Chimene chinatha ndi mitengo. Mitondo ikuluikulu ija, yoti amuna anayi sangaizungulire ndi mikono, inapita yonse. Yotsala ili kutali, ndipo ili ndi eni ake ndi makalata ake. Asodzi anayamba kupita kwa Alick, kalipentala wa kumsika, amene amakhoma maboti a matabwa n'kumata ndi phula. A Paison maboti amenewo amawatcha mabokosi a maliro amene akuphunzira kusambira. Bwato lawo lomaliza analisema zaka zitatu zapitazo. Chiyambire pamenepo ntchito yawo inali kunola nsompho m'mawa uliwonse, kankhwangwa kopingasa kaja kosemera, mpaka inathwa moti ntchentche ikaterapo inkauluka ili ziwiri. Ankayenda nayo kulikonse, itamangidwa pa keliyala ya njinga, ndipo panalibe munthu wina amene anaigwirapo. A Juliana, akazi awo, amene akhala nawo zaka makumi atatu ndi mphambu, akamasesa ankailambalala ngati njoka yogona.

M'nyumbamo munkakhalanso Monalisa, mdzukulu wawo wa Sitandade 6, mwana wa Fumbani amene amagwira ntchito kuminda ya nzimbe. Mwanayu anabwera nayo nkhani Lolemba lina m'mwezi wa masau, nthawi imene ku Bangula amati kwazizira, kutanthauza kuti ukaika dzira pa malata limatenga ola lathunthu kuti lipse.

"Agogo, a Madamu akuti tipange bawo."

"Apange okha," anatero a Paison. "Alibe manja?"

"Akuti ifeyo. Gulu lililonse lipange chake. Ife ndi bawo, ine ndi Lily ndi Ernest. Lachisanu la sabata yamawa tikaonetsa pamaso pa makolo."

"Basi? Mawa dzuwa lisanafike pamutu idzakhala yatha."

"Ndiye pomwepo, agogo. Akuti wamkulu apereke mtengo, apereke zida, apereke pakamwa. Dzanja ayi. Akangoona dzanja la wamkulu, gulu lonse ziro."

A Juliana anali kutembenuza milamba pa waya wowambira. Sanatembenuke.

"Ndiye mwafa, bambo a Fumbani. Pakamwa pokha? Inu amene simungaone munthu akusenda chinangwa osamulanda mpeni?"

"Ine zandikhudza pati? Za ana ndi za ana."

"Mtengo musavutike nawo," anatero Monalisa. "Ernest akuti akapempha zotsala kwa a Alick."

A Paison anasiya kunola. Anayang'ana mdzukulu wawo ngati wanena kuti akufuna kukwatiwa ndi ng'ona. Kenaka anadzuka, anakwera pa mtondo wosinjira, napisa mkono pansi pa denga. Anatsitsa chidutswa cha mtengo chimene chinatsala pa bwato lomaliza lija: chachitali ngati mkono ndi theka, chochindikala ngati njerwa ziwiri, cholemera ngati mlandu. Mbali imodzi inali yosalala, yocheka ndi sowo. Mbali inayo inali ya mabampu ndi mfundo, monga mtengowo unabadwira.

"Mdzukulu wa Paison sapanga bawo ya bokosi la tomato," anatero. Anaperekanso tchizulo ziwiri ndi chibonga chomenyera. Nsompho anaibweza pa njinga.

Ntchito inayamba Lachiwiri masana, pansi pa mtengo wa msau umene uli pabwalo pawo. Bawo siifuna zambiri: mizere inayi, mzere uliwonse maenje asanu ndi atatu, ndi njere makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi zoseweretsa. Anawo anabwera ndi rula wa kusukulu ndi chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, n'kumajambula tizingelengele ndi khala.

"Rula amanama," anatero a Paison ali pa mpando wawo. "Chala sichinama. Enje ndi enje pakhale chala chimodzi."

"Chala cha ndani, agogo? Cha Ernest n'chachikulu ngati nthochi."

"Ndiye n'chifukwa chake sukulu ikuvuta masiku ano. Zala sizikufanana."

Ernest atayamba kumenya tchizulo, a Paison anaona kuti manja awo anyamuka okha, akupita. Anawabweza. Ananyamukanso. Pomaliza anawakhalira, lamanja pansi pa ntchafu ya kumanja, lamanzere pansi pa ya kumanzere, ndipo anakhala choncho masana onse a masiku asanu ndi atatu. Thukuta limene linatuluka pamenepo linapanga chithaphwi, moti abakha a pa nyumba yoyandikana anasamukira pomwepo.

Pakamwa ndiye anapagwiritsa ntchito, poti a Madamu analola.

"Iwe Ernest, ukukumba chitsime? Madzi ali kumtsinje."

"Ndikufuna njere zizikwana zambiri, agogo."

"Zidzakwana, ndipo sizidzatulukanso. Iwe Lily, mtengowo si mlamu wako, usauchitire manyazi. Menya."

Lily ankamenya ngati akugogoda pachitseko cha abusa. Maenje ake anatuluka osaya, ngati mapazi a nkhuku pa dothi louma. A Ernest anali akuya moti ukaponyamo njere umadikira kaye kuti umve kugwa kwake. A Monalisa anali abwinoko, koma onse anapendekera mbali imodzi ngati mapira owombedwa ndi mphepo. Chimodzi chokha a Paison anachiona n'kukhala chete: mwanayo asanamenye ankagogoda mtengo ndi chala n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Palibe anamuphunzitsa. Iwo anayang'ana kumbali, n'kukalipira bakha.

Njere anasankha za masau, poti mtengo unali pamutu pawo pomwepo. Kuti zikwane makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, anawo anadya masau okwana dengu, chifukwa Ernest ankameza njere ina iliyonse yachitatu, n'kumati yatsetsereka yokha.

Loweruka Alick anadutsa pa njinga, thabwa lili paphewa. Anaima, phazi limodzi pansi, nasuzumira.

"Madala, mwayamba kuweta chiswe? Chadya bwino."

"Ndi ntchito ya ana."

"Eya, ndikuona. Koma ituluka pakhomo pano, eti?"

Anapalasa n'kumapita akuimba mluzu. Mawu amenewo anatsala pabwalo ngati fungo la nsomba yowola. A Paison anawanunkhiza Lamulungu lonse, m'tchalitchi momwe.

Lachitatu la sabata yachiwiri anawo anamaliza. Anapala maenje ndi phale la botolo, anapaka mafuta ophikira pang'ono kuti mtengo uwale, anasewerapo mosinthana, Lily n'kuwadya onse awiri. Anaisiya bawoyo pa mchenga pansi pa msau.

Lachinayi m'mawa pakhomo panatsala a Paison okha. Ana anali kusukulu, a Juliana anapita kudimba. Iwo ananola nsompho monga mwa masiku onse, kenaka anapita kukaiona bawo ija, kungoiona. Anayang'ana chitsime cha Ernest, anayang'ana mapazi a nkhuku a Lily, napuma mozama. Pamwambapo sakanakhudza, lamulo ndi lamulo, ndipo a Madamu akanadziwa. Anaitembenuza kuti maso awo apumule.

Kunsi kunali monga kunabadwira, mabampu ndi mfundo. Pakati penipeni panali bampu imodzi yaikulu ngati bondo la ng'ombe.

Apa a Paison anayamba kudziweruza mlandu, iwo omwe woimba mlandu, iwo omwe woweruza. Bawo ndi maenje. Kunsi si bawo, ndi mtengo chabe, ndipo mtengo a Madamu anati wamkulu apereke. Tsono munthu angapereke mtengo wa bondo la ng'ombe? Ndiponso chiyambire dziko, ndani anatembenuzapo bawo kuti aone kunsi? Woweruza anagamula kuti bampu imodziyo ichoke. Imodzi yokha.

Nsompho inatera kamodzi, ndipo chibanthu chinauluka chopindika bwino ngati khutu la mbuzi. Fungo la mtondo linakwera, lija anali asanalimve zaka zitatu. Bampu itachoka, mbali ya kumanja inaoneka yonenepa kuposa ya kumanzere. Anaichepetsa. Ya kumanzere inayamba kudandaula. Anaichepetsanso. Anagogoda ndi chala, namvetsera, nachotsa pang'ono pamene panalira mogontha. Dzanja linkapita lokha, kuchoka pakati kutsetserekera m'mbali, kuchoka m'mbali kukwera kunsonga, monga linachitira pa mabwato mazana awiri kapena zikwi ziwiri, malinga ndi amene akukuuza. Mutu sunafunsidwe. Dzuwa pofika pamutu, kunsi kwa bawo kunali kosalala ngati tsaya la khanda, kozungulira bwino, nsonga zonse ziwiri zitakwera pang'ono kuti zizidula madzi.

Cholakwa iwo sanachione. Kwa munthu wosema mabwato, chinthu cha kunsi kwafulati ndi tebulo kapena bokosi la maliro. Anaibweza bawoyo pa mchenga, ndipo inakhala phee, monga bwato limakhalira pa dooko. Anaikulunga m'thumba la feteleza n'kumanga ndi chingwe mfundo zisanu ndi ziwiri.

A Juliana pobwera anapeza zibanthu mbwee pabwalo.

"Izi zachokera kuti?"

"Ndimasema mpini."

"Mpini wa khasu la njovu?"

Anazisesera m'dengu kuti akawambire nsomba, koma anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kuyang'ana kuja kumene kumatha kusenda mbatata.

Ana pobwera anauzidwa kuti asamasule, fumbi lingalowe m'maenje, ndipo kuti bawo ndi yolemera, agogo adzaitenga okha pa njinga.

Lachisanu pasukulu anatulutsa matebulo n'kuwandanda pansi pa mitengo. Panali magalimoto a mawaya, miphika yadothi, mikeka, ndi dirafuti ya katoni yoseweretsa zitsekerero za mabotolo. Makolo anabwera ambiri, ena kudzaona ntchito za ana, ena chifukwa panali mthunzi. Alick analipo, poti mwana wake ndiye anali mwini galimoto ina ya mawaya. A Paison anavala jekete. Anatsitsa thumba lija, namasula mfundo zisanu ndi ziwiri zija okha, naika bawo pa tebulo maenje ali m'mwamba, dzanja lawo lili chigwirire m'mphepete.

A Madamu Fanizo, mphunzitsi wa zaluso, anafika ndi kope ndi cholembera. Ndi mayi wochepa thupi, wa mawu otsika, amene ana amati akakuyang'ana umakumbukira ndi machimo a chaka chatha omwe.

"Gulu la Monalisa. Tioneni mukusewera. Bambo Tomasi, chotsani dzanja."

Anachotsa. Monalisa anayamba kuika njere mumzere wa mbali yake. Bawo inapendekera kwa iye, mwaulemu, ngati ikumupatsa moni. Lily anaika zake mbali inayo, ndipo bawo inabwerera kwa Lily. Kenaka Ernest anatsamira ndi chigongono pa nsonga kuti aone bwino. Nsonga inayo inadzuka, bawo inapendama uku, inapendama uko, ndipo njere zonse zinali mbwee pansi, kupatula za m'chitsime cha Ernest, zimene sizinamve n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu. Bawoyo inapitirizabe kugwedezeka yokha pa tebulo, pang'onopang'ono, ngati ikudikira wopalasa.

Anthu anaseka mpaka nkhunda zinathawa pa denga la ofesi.

A Madamu anaika kope pansi, naitembenuza ndi manja awiri. Kuseka kunaduka. Pa Bangula palibe munthu amene sadziwa mimba ya bwato imeneyo. Mayi wina anafika pogwira pakamwa. Alick anawerama, nayendetsa chikhato chake pamenepo kuchoka kunsonga kufika kunsonga, ndipo kwa kamphindi anaiwala kuti ndi Alick. Atakumbukira anati:

"Pyadidi, ndi yabwino zedi. Yangotsala nkhafi."

"Bambo anga anaphera nsomba m'mimba ngati iyi zaka khumi ndi zisanu," anatero a Madamu, osayang'ana munthu aliyense. "Monalisa, wasema kunsi kuno ndani?"

Ernest anayang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege. Lily anayamba kulira mosatulutsa mawu. Monalisa anayang'ana mimba ija, imene ankaiona koyamba, kenaka anayang'ana mapazi ake. Kwa agogo ake sanayang'aneko.

"Ndife, Madamu."

"Ndinu."

"Inde, Madamu."

"Chabwino. Ngati ndinu, mwapanga bawo yosaseweredwa. Bawo yosaseweredwa ndi ziro." Anatola kope lija n'kuchotsa chivindikiro pa cholembera.

A Paison anaima pomwepo, jekete likuwotcha. Njira inali yotseguka, yotakata ngati Shire wa m'dzinja. Mwana wavomera yekha. Iwo akangokhala chete, chokhota chikhala cha ana, ndipo ana amakhotetsa, ndiyo ntchito yawo. Anthu akudziwa, inde, koma chodziwa anthu ndi china, chonena mwini wake ndi china. Mawa akanatha kukhala pamsika n'kunena mawu awo aja, ndipo palibe akanawatsutsa pamaso. Anayang'ana khosi la Monalisa, lowerama, ndi tsitsi limene a Juliana analiluka dzulo lake chifukwa cha tsikuli.

"Madamu," anatero. Mawuwo anatuluka ngati a munthu amene wameza munga wa nsomba. "Maenje ndi a ana. Kunsiko ndine."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndalakwitsa."

"Bwerezani, bambo Tomasi. Akumbuyo sanamve."

Mawu amenewo a Paison anali atawamva komaliza kwa atsibweni awo, amene anagona kale kumanda. Anabwereza, mokweza, moti ena amati anamveka mpaka kutsidya, asodzi n'kusiya kukoka maukonde.

"Ndalakwitsa ine, Paison Tomasi. Ndasema bwato pamene ana amafuna bawo."

Alick anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma a Juliana, amene anali ataima pambali pake ndi dengu pamutu, anamuyang'ana, ndipo iye anatsekanso.

A Madamu anatseka cholembera.

"Lamulo langa linati pa ntchito ya ana pasaoneke dzanja la wamkulu. Lilipo. Ndiye alichotse eni ntchito, anawo. Ndikupita kukaona miphika ndi mikeka. Ndikamabwerera kuno ndipeze bawo yokhala pansi."

"Ndi tchizulo sitingathe, Madamu," anatero Monalisa. "Titha mawa."

A Madamu anapana kope m'khwapa. Anangoyang'ana njinga imene inatsamira pa mtengo, ndi chimene chinamangidwa pa keliyala yake, n'kumapita ku miphika.

A Paison anayenda kupita ku njingayo ngati munthu wopita kukazulitsa dzino. Anamasula nsompho, anaipukuta ndi mkono wa jekete, anaiyang'ana, naipereka kwa Monalisa, mpini patsogolo. A Juliana anatula dengu pansi kuti aone bwino.

"Miyendo tangadza," anatero a Paison. "Tangadzadi. Ikaphonya idutse pakati, osati pa phazi. Usaimenye, ilekerere igwe yokha. Yamba pakati."

Anaika bawo pansi, mimba ili m'mwamba. Monalisa anagogoda ndi chala, namvetsera, nakweza nsompho. Kugwa koyamba kunang'amba mimba ija pakati penipeni, ndipo a Paison anatseka maso. Manja anali kumbuyo, lina litagwira linzake ngati wapolisi ndi wakuba.

"Bwereza," anatero.

Anabwereza. Zibanthu zinkatuluka zonenepa, zoduka, zopanda ulemu. Atatopa anapatsira Lily, amene manyazi aja anawasiya kwawo tsiku limenelo; ankamenya ngati mtengowo ndi umene unamuliritsa. Ernest anagwa nayo kawiri, kachitatu nsompho inaphonya n'kukalasa mwala umene unabisala mumchenga. Inalira kuti ngwee. Akuti a Paison anakalamba zaka zinayi pa kulira kumodziko. Alick anayandikira, akupinda mikono ya malaya.

"Tabwera nayo kuno, mwana iwe, ndikuonetse."

"Choka apo," anatero a Paison, osamuyang'ana.

A Madamu pobwerera anapeza kunsi kwa bawo kukuoneka ngati munda umene mwalowa nguluwe. Anaiika pa tebulo. Inakhala. Anaikankha ndi chala. Inagwedera pang'ono ngati dzino la nkhalamba, koma njere sizinatuluke. Ana anasewera, Lily anawadyanso, ndipo a Madamu analemba m'kope mwawo. Gululo linakhala lachitatu. Loyamba linali la mphika, lachiwiri la galimoto ya mawaya ya mwana wa Alick, imene aliyense anaona kuti mateyala ake ndi ozungulira mokayikitsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina ndi anthu ena.

Milamba imene a Juliana anawamba ndi zibanthu za Lachinayi zija anakaigulitsa kumsika Loweruka. Onse amene anadya anayenda akupendama masiku atatu, ndipo wakabaza wina anagwera m'ngalande ndi pasinjala wake. Amene akukayika akafunse kumsika komweko.

Bawoyo inabwerera pansi pa msau, ndipo ilipo mpaka lero. Masana amuna amabwera kudzasewera, n'kumakangana za chitsime cha Ernest, chimene munthu wa zala zonenepa amatulutsamo njere ndi supuni. Mlendo akaitamanda kuti mtengo wake ndi wabwino, pamapezeka wina woitembenuza kuti aone kunsi, ndipo nkhani imayambiranso pachiyambi, ikukula. Pano yafika poti bawoyo inatsika yokha pa tebulo n'kuyamba ulendo wa kumtsinje, ana asukulu akuithamangitsa.

Nsompho inatsala ndi chibenthu pamene inalasa mwala. A Paison anatha milungu iwiri akuchinola, ndipo a Juliana amati sanawaonepo akudzuka msanga chotero chithere mitengo. Masiku ano Loweruka m'mawa Monalisa amakhala pambali pa mwala wonolera, akuthira madzi, ndipo nthawi zina nsompho imapezeka m'manja mwake agogo ake akuyang'ana abakha.

Mawu aja sanawasiye, koma anatalikirapo. Amati akayamba, "Pakhomo panga sipanatulukepo chokhota," amapuma kaye, n'kuyang'ana ngati pali wa ku Bangula pafupi. Nthawi zonse amakhalapo. Ndiye amamaliza okha, wina asanawamalizire: "Kupatula chimodzi. Ndipo chimenecho chinali chosalala kuposa zonse."